Chipewa cha a Harm

"Usayatse moto mu shedi ya bambo ako," ndinamuuza Roelof, ine ndili tsidya lino la mpanda. "Ukudziwa zimene zagona mmenemo."

Anali akutsitsa m'galimoto mbaula ziwiri za gasi, zija amabwereka anthu a phwando. Bambo ake, a Harm, anali asanaikidwe n'komwe. Anali gone m'bokosi pabalaza, makatani otseka. Roelof anaika botolo la gasi pamsewu woundana, n'kupukuta manja.

"Mayi Geesje, machenjezo anu aja sanathebe? Ndili mwana munkati ndidzamira m'ngalande. Si uyu ndili pano?"

"Unagweramo kawiri. Anakuvuula ndani?"

"Ndi tizilombo chabe tija. Anthu akachoka kumanda afunika pofunda pomwera khofi. Kapena mukufuna akuchikazi kwanga aume ngati nsomba chifukwa cha agulugufe?"

"Za khofi a Berend akonza kale kuholo ya pafupi ndi tchalitchi."

"Ndawaimbira a kuholo kuti asavutike. Tidzamwera pompano, pakhomo pa bambo."

Ndinagwiritsa mpanda. Kuno munthu akamwalira, abale ntchito yawo ndi kulira basi. Kulengeza maliro khomo ndi khomo, kunyamula bokosi, kukonza khofi ndi buledi wa mphesa zouma, zonsezo ndi za ife anansi. Tsono mwana wa malemu kufafaniza zimene anansi akonza, osagogoda n'komwe pakhomo pa a Berend, amene ndi wamkulu wa ife tonse mumsewu uno, ndi chipongwe chimene ndinali ndisanachionepo. Koma Roelof anakhalitsa mumzinda wa Utrecht, kumene mnansi umangomudziwira mgugu wa nsapato zake pamwamba pa mutu wako.

Musaganize kuti munda wa a Harm ine ndinkaukonda. Tinaukanganirana zaka zoposa makumi awiri. Ine ndinakulira pa bwato lonyamula katundu m'ngalande, sukulu tinkangoidutsa ana akutikwezera manja pa mlatho. Zolemba sindizidziwa, koma zinthu zopha munthu ndimazidziwa zonse: gasi, makwerero oundana, mphepo yolowera pakhosi, nkhupakupa za m'maudzu aatali. Ndiye taganizani, a Harm atangopuma ntchito kufakitale ya nsalu, n'kuyamba kuzula miyala ya simenti kuseri kwa nyumba, miyala imene anthu olongosoka amaitsuka ndi bulashi Loweruka lililonse. Anaizula yonse, nati akufuna agulugufe.

Pakona yowomba dzuwa anasiyapo khwisa, woyabwa uja, ati mbozi za agulugufe ena sizidya china chilichonse. Maluwa akauma sankawadula, ati m'mapesi oumawo mwabisala mazira ndi tiana togona. Maapozi akagwa ankawasiya awolere pansi, ati ndi mowa wa alendo ake. Masamba osasesa, khoma lonse loyangidwa ndi zomera, ndipo pakati pa mpata wa mpanda wanga ndi shedi anaunjikapo mulu wa nkhuni zimene sankazisonkhera moto.

"A Harm, khwisa wanuyu adzalowa kwanga."

"Akalowa mumupatse mpando, mayi Geesje."

"Nanga makoswe a m'nkhunimo?"

"Makoswe amakonda kokhala anthu aukhondo. Kwanga amangodutsa."

Ndi mmene analili. Munthu ukumuuza za imfa, iye akuseka. Miyezi yotentha agulugufe ankadzazadi, ofiira, achikasu, oyera, mpaka kumatera pa zovala zanga zoyanika. Ndinkawaingitsa. Ndani akudziwa kumene aponda?

Koma ntchito yeniyeni ya a Harm inali ya nyengo yozizira. Pali agulugufe ena, aja ali ndi maso anayi pamapiko, amene safa chisanu chikafika. Amalowa m'nyumba zathu, n'kubisala kuseri kwa makatani ndi makabati kuti agone mpaka dzuwa lidzabwerere. Tsono ife tikatenthetsa nyumba, iwo amadzuka, kuyesa kuti maluwa atuluka, n'kumadziwombetsa pagalasi mpaka kufa. Msewu wonse unkadziwa chochita: kuitana a Harm. Ankabwera nthawi iliyonse, ngakhale ali pakati pa chakudya. Sankamufumbata gulugufe m'manja, ati manja ndi otentha. Ankavula chipewa chawo cha ubweya chotuwa chija, n'kumukankhiramo pang'onopang'ono ndi nthenga, kuchipinda, n'kuyenda mutu uli pamtunda mpaka ku shedi kwawo. Mmenemo munali mdima ndi kuzizira koyenera. Agulugufe a msewu wonse ankalendewera kudenga, mapiko otseka, akuda bii ngati masamba opserera. Mwezi wa Malichi a Harm ankatsegula kazenera kakang'ono ka pamwamba, ndipo agulugufe ankatuluka okha.

Tsiku limene anamwalira anachokera kwanga. Ndinapeza gulugufe akuphiriphitha pazenera la m'khitchini, ndinawaitana. Atamuika m'chipewa ndinati, "Kunja kwaundana uku. Tengani kabokosi, chipewacho muvale."

"Muli mlendo," anatero, n'kutulukira pa mpata wa mpanda.

Akazi awo, a Dinie, anawapeza atakhala pansi, atatsamira mulu wa nkhuni uja, mutu uli pamtunda, atazizira kale. Adokotala anati ndi mtima. Ine ndikuti ndi mutu wosavala. Chipewacho tinachifuna kuti tiwaikire m'bokosi, m'nyumba, mu shedi, m'njira monse, koma sichinaoneke.

Tsono ngati munda sindinkaukonda, ndinamuletseranji Roelof? Choyamba, chinthu cha womwalira sachigwedeza mwini wake asanalowe m'nthaka. Chachiwiri ndi Dinie. Titakhala awiri pafupi ndi bokosi, anandigwira dzanja nati, "Geesje, chanditsalira n'chimodzi. Malichi akafika ndidzatsegule kazenera kaja. Anandionetsa potsegulira." Sanalankhule za nyumba kapena za mawa lake. Chimene chinkamuimiritsa mayi uja chinali kazenera kamodzi, ndi zimene zinagona kuseri kwake.

Madzulo a tsiku lomwe mbaula zinafika, mkazi wa Roelof, Marleen, anatuluka kudzaimba foni pafupi ndi mpanda. Anthu a mumzinda amayesa mpanda ndi khoma. Ine ndinali kuthira mchere pamakwerero anga kuti wina asathyoke chiuno.

"Tsiku loika maliro ubwere msanga, Ewoud, uione nyumba kukadali kowala," ankatero kwa mchimwene wake. "Kumbuyo n'kwakukulu, ukayala simenti magalimoto atatu akwana. Shedi nayo ndi yolimba, youma bwino, ukhoza kuisandutsa ofesi. Roelof aikonza, udzaiona yofunda. Ayi, amayi sanauzidwe. Tiwauza maliro akatha. Pafupi ndi kwathu pali nyumba za okalamba, adzazolowera."

Mchere unanditayika m'manja. Ndiye khofi wa pakhomo pa bambo anali ameneyo: kuonetsa nyumba kwa wogula, mwini wake ali m'bokosi, mkazi wamasiye atakhala pambali pake. Dinie sindinamuuze. Mtima wa munthu woferedwa ndi dzira, ndipo maliro awiri m'nyumba imodzi sindinawafune.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi kulira kwa makina otchetchera. Roelof anali m'munda, atavala nsapato za mphira za bambo ake, akugwetsa mapesi ouma ngati akudula adani. A Berend anafika ndodo ili m'manja, chikhothi atamanga mabatani molakwitsa.

"Mnyamata iwe, maliro ali m'nyumba, iwe ukuliza makina?"

Roelof anazimitsa. "Ndikungokonza, a Berend. Kubwera anthu. Mukufuna aone kuti bambo ankakhala m'tchire?"

"Ankakhaladi m'tchire. Analibzala okha, ndi mawondo awo."

"N'chifukwa chake mumsewu muno munkawaseka."

"Tinkawaseka, inde. Ndipo tinkawaitana. Iwe unawaitana liti?"

Roelof analizanso makina aja. Ine ndinalowa m'nyumba kukamutenga Dinie. Anatuluka ndi nsapato za m'nyumba, pa madzi oundana, ine ndikumuuza kuti agwa, iye osamva. Pofika ife, kuyambira pakhomo la khitchini mpaka pa mtengo wa maapozi panali mbee. Khwisa, mapesi, masamba, zonse zinali zitapakiridwa m'ngolo, pamodzi ndi mazira ndi tiana tonse timene a Harm ankati tagona mmenemo. Roelof anali akukokera ngoloyo pa mulu wa nkhuni.

Dinie anakaima kutsogolo kwa nkhunizo. Ndi mayi wamfupi, koma tsiku limenelo anatseka njira.

"Apa ndi pamene ndinawapeza bambo ako."

"Amayi, nkhuni izi zawola. Muli makoswe."

Pamenepo pokha mwana uja ananena zoona.

"Zisiye," anatero Dinie. Anayang'ana munda wometedwawo nthawi yaitali, koma sanalire. "Za mbaula ndamva. Anthu ali ndi zikhothi. Ngati ufuna amwere mu shedi, amwe ataimirira, alankhule motsitsa, atuluke. Koma shedi ikhale yozizira. Wamva, Roelof?"

"Chabwino, amayi."

Chabwino wonenedwa munthu akuyang'ana nsapato, muzimuopa.

Tsiku loika maliro kunacha ndi mvula yosakanikirana ndi chipale chofewa, ija imalowa mpaka m'mafupa. Amuna a mumsewu anafika kudzanyamula bokosi. Ine ndi amayi ena awiri tinatsala kuti tikonze khofi ndi kudula buledi. Belu la kutchalitchi litayamba, ndinali pazenera la khitchini la Dinie, ndipo ndinamuona Roelof akuzemba pagulu, atavala chikhothi chakuda ndi chipewa chakuda chatsopano, chija anachigulira maliro omwewa kuti chibise dazi lake. Analowa mu shedi. Ndinamva phu, kenaka phu. Anatuluka, natseka ndi kiyi, n'kuika kiyi m'thumba.

Ndinamutsekera njira ndi mpeni wa buledi uli m'manja.

"Mayi ako anati chiyani?"

"Ndangoika pang'ono, kuchotsa chisanu chabe. Amayi adzandithokoza akadzalowa pofunda."

"Gasi woyaka m'nyumba yamatabwa, wotsekeredwa, popanda munthu. Ukufuna tiike msewu wonse lero? Bweretsa kiyi."

"Mukangokhudza botolo lija liphulika, mayi Geesje," anatero akumwetulira, podziwa bwino lomwe chimene ndimaopa. "Dulani buledi."

Bokosi linali kale pa mapewa. Munthu sukuwa maliro akutuluka pakhomo. Ndinaima pomwepo, ndikuwaona akupita, Dinie patsogolo, mwana wake atamugwira mkono ngati mwana wabwino.

Buledi anadula anzanga aja. Ine ndinali pagalasi la shedi, ndili chakutali pang'ono poopa kuphulika, koma ndikuona. Poyamba panalibe chosintha, masamba opserera aja ali lende kudenga. Kenaka limodzi linanjenjemera. Linatseguka, maso anayi n'kundiyang'ana. Lina linatseguka, linanso. Agulugufe amenewa akadzidzimutsidwa amakhuza mapiko, n'kumveka ngati njoka ikufwenthera, ndipo phokosolo ndinalimva kudzera m'matabwa. Ndinagwedeza chitseko. Ndinafuna kuswa galasi, koma mphepo ikalowa pa gasi woyaka ndani akudziwa chimene chichitike? Ndinangoti, "Gonani, ana inu, sikunache, akukunamizani." Gulugufe samva, ngati mwini wake.

Anthu anabwerera kumanda atanyowa, mphuno zili psuu. Roelof anali patsogolo ndi mlamu wake Ewoud, bambo wamtali wa nsapato zowala amene maso ake ankayeza khoma ndi denga m'malo moyang'ana pansi ngati munthu wochokera kumanda. Roelof anatulutsa kiyi, natembenukira gulu.

"Lowani kuno nonse, muli kofunda. Bambo akanakonda kuti tikhale mwawo."

Anatsegula zitseko zonse ziwiri.

Choyamba kutuluka linali fungo, ngati la tsitsi lopsa. Kenaka anatuluka iwo. Anali osawerengeka, ofiira ngati makala oyaka, akuthamangira kuwala kwa pakhomo. Anawomba nkhope za anthu, anatera pa zikhothi zakuda, pa maluwa amene wina anabwera nawo kuchokera kutchalitchi. Mayi wina wa akuchikazi kwa Roelof anati, "Ha, kukongola kwake, ngati malemu akutitsazika," n'kutulutsa foni kuti ajambule.

Ife a mumsewu mwathu tinkadziwa. Panja panalibe duwa ngakhale limodzi, panalibe tsamba loti abisalepo, poti zonse zinali m'ngolo. Anauluka pang'ono m'mvula yozizirayo, n'kuyamba kugwa mmodzimmodzi pa dothi lometedwa lija, mapiko atanyowa, akugwedezeka ngati timapepala. M'kati, pansi pa mbaula ziwirizo, panali ena ambiri opserera, ndipo ena ankazungulirabe moto. Aliyense wa ife anali ndi wake pamenepo. Wa kuchipinda kwa a Berend analipo, wa kubafa kwa mphunzitsi wa pakona analipo. A Harm anawanyamula mmodzimmodzi m'chipewa, mutu uli pamtunda, miyezi yonse yozizira.

A Berend analowa, natseka mabotolo onse awiri. Ine ndinatseka maso mpaka atatuluka.

Ewoud ankakuntha phewa lake ndi magolovesi. "Izi ndiye sunandiuze, mlamu," anatero mokweza, poti anthu otere sadziwa kunong'ona. "Mufunika mupopere mankhwala ndisanalowe. Sindingagule nyumba yokhala ndi tizilombo m'denga."

Marleen anamukoka mkono, koma mawu akatuluka sabwerera. Dinie anatembenuka pang'onopang'ono. Pa chikhothi chake, pamtima penipeni, panatera gulugufe mmodzi wa phiko lopsa.

"Mugule nyumba iti, bambo?"

Ewoud anayang'ana Roelof. Roelof anayang'ana nsapato.

"Amayi, tinati tikambirane bwinobwino, anthu akapita. Simungakhale nokha kuno. Munda uwu simungauthe. Ndimaganizira inu."

"Unawaitanira kumaliro a bambo ako kuti adzayeze khoma."

"Si choncho, amayi."

"Unameta munda kuti aone kukula kwake. Unayatsa moto kuti aone kuuma kwa shedi. Ine unandigwira mkono kumanda, kiyi ali m'thumba mwako." Sanakweze mawu. Anatambasula dzanja. "Bweretsa."

Roelof anapereka kiyi, nkhope itafiira mpaka m'makutu. Dinie anatembenukira Ewoud.

"Khofi ali m'khitchini, anansi anga akonza. Imwani, poti mwayenda ulendo wautali. Mukatha mupite. Nyumba ino ili ndi mwini."

Atatero anagwada pa dothi lonyowalo, ndi mawondo ake odwala aja, ine ndikumuuza kuti sadzukanso. Anazula nthenga ya nkhunda imene inakodwa pa mpanda, n'kuyamba kufunafuna amene akadali moyo. A Berend anavula chipewa chawo. Mphunzitsi wa pakona anavula chake. Amuna onse amene ananyamula bokosi anavula, nawerama m'mvula, akutola. Mitu yaimvi yonseyo pamtunda, m'mwezi wa Januwale. Ndinawauza kuti sabata yamawa tikhala tikunyamula wina, koma ndani amandimvera ine?

Alendo a ku Utrecht analowa m'khitchini mwakachetechete. Roelof anatsala ali chiimire pakati pa munda, manja ali lende. Palibe anamutukwana, palibe anamuyang'ana. Kuno chilango chathu n'chimenecho, ndipo chimapweteka kuposa mbama. Patapita nthawi anawerama, natola gulugufe mmodzi, n'kumufumbata m'manja kuti amufunditse.

"Osati m'manja," anatero Dinie osadzutsa mutu. "Ukumuwonjezera kutentha. Sunawaonepo bambo ako?"

Roelof anavula chipewa chatsopano chija, dazi lonse poyera, namuikamo.

"Iwe, vala chipewa," ndinamuuza. "Ulibe ndi tsitsi lomwe. Pita ukatenge kabokosi."

Anachita ngati sanamve. Anagwada pafupi ndi mayi ake, thalauza la maliro m'matope, akutola. Opulumuka anali ochepa. Pa khumi alionse mwina awiri ndi amene ankagwedezabe miyendo.

Shedi inali ikadali yofunda, yonunkha gasi, sakanabwezedwamo tsiku limenelo. A Berend anati aliyense atenge ake akawaike kozizira kwawo, m'garaja kapena mosungira njinga, ndipo amuna aja anabalalika mumsewu, aliyense atapinda chipewa pachifuwa. Roelof analibe kwawo kopita nawo. Anayang'ana uku ndi uku m'munda umene anaumeta yekha, ndipo malo obisika amene anatsala anali amodzi okha: mulu wa nkhuni zowola uja.

Anagwada pamenepo, pomwe bambo ake anapezeka, napisa dzanja pakati pa zipika kufuna mpata wouma. Dzanja linaima. Anasuzumira.

"Amayi," anatero. "Tabwerani."

Tinapita tonse awiri. M'kati mwa mulu, pamalo ouma pamene mvula siifika, panali chipewa cha ubweya chotuwa, chopindidwa bwinobwino, chotsamiritsidwa pa chipika, kukamwa kwake kutasiyidwa kotseguka pang'ono. Munthu wogwa mwadzidzidzi saika chipewa choncho. A Harm anamva mtima ukuwasiya ali pakati pa njira. Khomo langa linali pafupi, zenera la khitchini yawo linali pafupi, akanatha kuitana. Iwo anaona kuti ku shedi safika, ndipo mphamvu zimene zinawatsalira anagwadira nazo pansi, kumupezera mlendo wawo pogona.

Roelof anakweza m'mphepete mwa chipewacho ndi chala chimodzi. Analimo, wakuda bii, mapiko otseka, ali m'tulo. Wa pazenera langa uja. Moto sunamufike.

Roelof anafuna kuchitulutsa chipewacho. Mayi ake anamugwira dzanja.

"Mpaka Malichi."

Roelof anabweza dzanja. Anatenga chipewa chake chakuda, nachipinda monga chinapindidwira chinacho, ngakhale chinali cholimba chosafuna kupindika, n'kuchilowetsa pambali pake. Anatseka mpatawo ndi khungwa. Sanadzuke msanga. Mvula inkamugwa padazi, n'kumatsikira m'khosi.

"Lowa m'nyumba, ukudziitanira chibayo," ndinamuuza.

Sanamve. Ewoud ananyamuka asanamalize khofi wake, ndipo Marleen anapita naye, ati ana ali okha. Roelof anatsala kuti abweze mbaula kwa eni ake m'mawa mwake, koma sanathe. Kunacha thupi lili moto, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Chinali chibayo, monga ndinanenera. Anagona masabata m'kachipinda kake ka ubwana, kam'mwamba, kamene zenera lake limayang'ana kumunda, ndipo tsiku lililonse ankadzuka n'kuona dothi lambee limene analimeta yekha. Anansi tinkamupititsira msuzi, poti ndi udindo wathu, koma tinkausiya pakhomo osakwera.

Za nyumba palibe anazitchulanso. Ngolo ija Dinie anaikana kuti ipite kudzala. A Berend anakhuthulira mapesi onse pakona ya khwisa, ati mwina ena mwa ogonamo adzadzukabe.

Tsiku limene Roelof ananyamuka, atawonda, akutsokomolabe, ndinamuona akudutsa pa mulu wa nkhuni. Anaima, nawerama, nakonza khungwa limene mphepo inalisuntha. Chipewa chake sanachitenge. Anapita kugalimoto dazi lili pamtunda, kunja kukuundana.

Ndinatsegula zenera pang'ono, mokwanira mawu okha, poopa mphepo.

"Roelof, mutu."

Anaima, n'kuloza kumbuyo ndi chibwano.

"Muli alendo, mayi Geesje."